Akazi anga atupa nkhope ndi manja, agogo akuti ndi mapasa

Yamikani · Lachiwiri, 19:42
Abale anga pa gulu pano ndithandizeni nzeru. Akazi anga ali ndi pakati pa miyezi 8, mimba yoyamba. Miyendo idayamba kutupa kale, sitidadandaule poti aliyense ankati ndi mmene zimakhalira. Koma kuyambira Lamulungu nkhope nayo yatupa, maso achita kulowa, mphete sikutulukanso pa chala. Lero akhala akulira mutu tsiku lonse, panado amwa kawiri koma osasintha, ndipo madzulo ano akuti akuona tinthu tothwanima ngati ziphaniphani. Agogo awo akuti amenewo ndi mapasa, tisachite phuma. Tsiku la sikelo ndi Lachisanu. Tidikire Lachisanulo? Ine pano ndine mkamwini, mukudziwa mmene zimakhalira.

Mayi a Pemphero
Lachisanu lake liti achimwene? Nyamukani usiku womwe uno.

Nambewe
A Yamikani, ine ndine namwino komanso mzamba, ndiye ndimvereni bwino. Kutupa nkhope ndi manja, mutu wosamva panado, ndi kuona ziphaniphani, zitatuzo zikakumana pa mayi woyembekezera timaganiza kaye za kuthamanga kwa magazi, BP ija. Vutoli limakonda mimba yoyamba, ndipo limabwera pakati pakadutsa miyezi isanu. Chotsatira chake ndi kukomoka, kuphupha ngati wakhunyu, ndipo sikuchenjeza. Akhoza kugwa akuyankhula nanu. Pitani ku chipatala chomwe muli nacho pafupi, mukafika musakhale pa mzere, mukanene mawu omwe mwalemba panowa. Tengani buku lawo la ku sikelo.

Chisale wa ku Bembeke
Koma anesi musamuopseze mnyamatayu. Mayi a kwathu adatupa miyendo pa ana onse anayi, onse adabadwa bwinobwino.

Nambewe
A Chisale, miyendo yokha, makamaka madzulo, n'kuphwa akagona, imeneyo amayi ambiri imawachitikira chifukwa mwana amapsinja mitsempha. Nkhope ndi zala ndi nkhani ina. Mutu ndi maso ndiye basi. Sindikuopseza, ndikunena zomwe ndimaona ndi maso anga ndikakhala ya usiku.

Yamikani · 20:05
Ndawauza apongozi. Akuti tiyambe tawadziwitsa amalume awo a mkaziyu poti ndiwo eni mbumba, ndiye ali ku Lizulu adapita ndi kachewere, abwera mawa.

Bambo a Mphatso
Mphwanga, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Amalumewo ali ndi foni, uwaimbire uli pa njira. Ukamwini ndi wolima ndi kumanga nkhokwe, koma zikavuta pano wolira kwambiri ukhala iwe. Inenso ndine mkamwini zaka 16, ndikudziwa chomwe ndikunena. Uwauze apongozi mwaulemu kuti anesi anena, mlandu uponyere anesi, iwo sakhala nawo m'mudzimo.

Nambewe
Kkkk ponyerani ine ndithu, msana wanga udazolowera. Muyenda pa chiyani?

Yamikani
Ndili ndi njinga yamoto ya kabaza. Mtunda ngati makilomita 14, msewu wafumbi.

Nambewe
Galimoto ikadapezeka zikadakhala bwino. Ngati palibe, akhale pakati, kumbuyo kukhale munthu wamphamvu wowagwira. Akayamba kuphupha pa njira imani, muwagoneke chammbali, kumanzere, osawaika supuni kapena chala m'kamwa, osawamwetsa kanthu. Zikasiya pitirizani ulendo, osabwerera kunyumba. Muwafunditse, kunjaku kwazizira.

Yamikani · 20:31
Apongozi avomera, akukwera nawo. Azakhali awo abwera ndi kabotolo ka mankhwala achikuda akuti amwe pang'ono kuti njira itseguke, ena tikamwetse tikafika.

Nambewe
AYI. Kabotoloko kasiyeni. Ngati ndi mwanamphepo, asalawe ngakhale dontho.

Mayi a Pemphero
Tayani kuseri kwa nyumba, azakhaliwo muwauze kuti mwasunga m'thumba.

Nangozo wa ku Tsangano
Pamene tikudikira uthenga wawo, ine ndifunse. Mwanamphepo adalakwa chiyani kwenikweni? Ife tonse tidabadwa amayi athu atamwa. Masiku ano chilichonse cha makolo chasanduka choipa.

Nambewe
Mwafunsa bwino anzanga. Vuto la mwanamphepo n'lakuti amagwira ntchito. Amakokadi chiberekero. Koma ku chipatala tikafuna kufulumizitsa matenda timayamba tapima ngati khomo latseguka, ngati mutu wa mwana ungadutse, ngati mwana wagona bwino, kenaka mankhwala timathira mu diripi n'kumawerenga madontho, khutu lili pa mtima wa mwana. Zikapitirira timatseka. Za m'botolo mulingo wake palibe, ndipo zikalowa m'mimba simungazitseke. Chiberekero chimakoka mosapumira, mwana amabanika chifukwa magazi amafika kwa iye pa nthawi yopumirayo. Khomo likakhala lotseka kapena mwana atapingasa, chiberekero chimang'ambika. Amene adachitidwapo opareshoni ndiye kung'ambika kwake sikuchedwa, chimayambira pa chipsera.

Chondipweteka n'chakuti amayi amabisa. Tifunsa, mwamwa kanthu? Ayi. Koma m'mimba mukuchita kuuma ngati mwala. Tiuzeni chilungamo, kuti tidziwe chomwe tikulimbana nacho.

Nangozo wa ku Tsangano
Amabisa chifukwa mumakalipa. Tinene zoona pano. Ine mwana wanga wachiwiri ndidachirira pa chipatala china, sinditchula, ndidaitana katatu kuti mwana akubwera, anesi akuti mwayamba liti kudziwa kuposa ife. Mwana adatulukira pa pepala lakuda lija ndili ndekha, adandithandiza ndi mayi wokolopa. Azamba a m'mudzi ankakusisita msana, kukuphikira phala. Ndiye mukadabwa kuti anthu akuwafunabe?

Mayi a Pemphero
Apa a Nangozo sadaname. Ena mwa inu pakamwa mpoopsa.

Nambewe
Sindikana, ndipo pepani pa zomwe zidakuchitikirani. Alipo anzathu olankhula ngati adabadwira pa mtengo. Palinso masiku omwe ndimakhala ndekha usiku wonse, amayi atatu ali pa matenda, wina akutaya magazi, magetsi azima, ndikuunikira ndi tochi ya foni yolumidwa pakamwa. Wachinayi akaitana sindifika msanga, ndipo iye amapita kwawo akudziwa kuti ndine wankhanza. Zonse ziwiri n'zoona.

Koma azamba a m'mudzi, ngakhale wa mtima wabwino chotani, mayi akayamba kutaya magazi atachira alibe jakisoni wa oxytocin woti chiberekero chikhwinyate. Magazi akapitirira theka la lita ndi ngozi kale, ndipo mayi akhoza kupita pasanathe maola awiri. Nsengwa ikakanirira, mwana akabadwa osalira, BP ikakwera ngati ya mlamu wathuyu, msana wosisitawo suthandiza.

Mphunzitsi Kaphale
Nkhani ya azambayi boma lomwe lidayendapo njomba. Adawaletsa kubereketsa mu 2007, kenaka a Bingu wa Mutharika mu 2010 adanena kuti asaletsedwe koma aphunzitsidwe. Anthu kumudzi adangosokonezeka. Chomwe chidasintha zinthu kwathu ku Ntcheu ndi mafumu. Inkosi Kwataine adaletsa kuchirira pakhomo m'dera lawo, n'kuika amayi achinsinsi m'midzi, oti mayi akangoima amakawanong'oneza iwo, iwo n'kumamulondola mpaka ayambe sikelo. A Joyce Banda atalowa mu 2012 adawatenga a Kwataine omwewo kuti atsogolere ntchito ya uchembere wabwino dziko lonse. Nzeru ya amayi achinsinsi ndimaikonda chifukwa idagwira pomwe pali vuto: kwathu kuno mimba yaing'ono sitiulula, timaopa kuti anthu aitchera.

Chisale wa ku Bembeke
Nanga chindapusa cha mbuzi chija? Mayi wachirira pa njira chifukwa mlatho wakokoloka, mfumu ikuti mbuzi. Wosauka yemweyo.

Mphunzitsi Kaphale
Pamenepo ndiye ndimatsutsana nawo. Ndidaonapo mayi atachirira pakhomo n'kubisala sabata yonse kuopa chindapusa, mwana osapita naye kukapimidwa. Lamulo lidapangidwa kuti lipulumutse, likubisitsa anthu.

Mayi a Pemphero
N'chifukwa chake amati mwezi wa 9 ukakwana kadikirireni ku chipatala. Kungoti ku chidikiro nako ndi ntchito: ufa wako, nkhuni zako, gadiyani wako, kunyumba wasiya ana ndi mbuzi, mwezi wa July mphepo ya Dedza ikulowa pansi pa chitseko. Ine ndidakhalako milungu itatu, ndidatuluka ndikudziwa mbiri ya banja lililonse kuyambira Linthipe mpaka Chimbiya kkkk.

Yamikani · 22:14
Tafika. Apima, akuti BP ndi 170 pa 115. Apimanso mkodzo akuti muli zina zosayenera. Awabaya jakisoni pa mkono ndi matako onse awiri, akulira kuti thupi lonse likutentha. Anesi akuti pano sangathe, aitana ambulansi tipite ku chipatala chachikulu pa boma. Apongozi angokhala chete.

Nambewe
Mwachita bwino kwambiri. Malire ndi 140 pa 90, ndiye onani pomwe adafika. Mu mkodzomo apeza mapuloteni, kusonyeza kuti impso zayamba kuvutika. Jakisoniyo ndi magnesium sulphate, woteteza kukomoka, kutenthako ndi khalidwe lake, musaope. Konzekerani mtima: mankhwala enieni a vutoli ndi kuti mwana abadwe, chifukwa gwero lake ndi nsengwa. Akakuuzani za opareshoni musayambenso kufunafuna amalume, sainani.

Bambo a Mphatso
Tili nawe mphwanga. Mayunitsi ukhale nawo, ndakutumizira pang'ono.

Yamikani · Lachitatu, 07:50
Abale, achira. Opareshoni idachitika cha m'ma 4 koloko m'mawa. Mwana wamkazi, mmodzi yekha, makilogalamu 1.9. Adokotala akuti masiku adali asanakwane, komanso BP imamumana chakudya m'mimbamo. Sadalire msanga, adamupopa mpweya ndi kachikwama kenaka adalira. Ali ku nazale, mayi ake ali pa diripi. Sindidagone koma ndili bwino. Amalume afika ndi minibasi yoyamba, andigwira dzanja osanena kanthu.

Mayi a Pemphero
Alululu! Mulungu ndi wabwino. Nanga mnzake wa mapasa uja ali kuti kkkk

Nangozo wa ku Tsangano
Zikomo Ambuye. Anesi, apa ndagonja, pa mwanamphepo pokha. Za pakamwa panu tidzakambiranabe.

Nambewe
Kkkk ndavomera. A Yamikani mwayamba ntchito tsopano. Mayiyo BP siitha tsiku lomwelo, ena amakomoka atachira kale, mpaka milungu 6 timakhala tcheru. Mutu ukabwerera kapena maso akachita chidima, nenani msanga. Mapiritsi akawapatsa amwe mpaka achipatala anene okha kuti basi.

Yamikani · Lachisanu, 13:20
Funso lina. Mwana amuchotsa ku nazale, akuti azikhala pa chifuwa cha mayi ake usana ndi usiku, wamaliseche, thewera ndi chipewa basi, womangidwa ndi chitenje. Akuti kangaroo. Mayi ake bala likuwawa, ndiye anesi akuti ine ndizilandira. Agogo afika dzulo, akuti mwamuna sagwira mwana asanatuluke m'chikuta, ndimudula. Akudandaulanso kuti mwana mpaka lero sadasambe bwinobwino ndipo pa mchombo sadaikepo kanthu.

Mayi a Pemphero
Wanga woyamba adabadwa 1.6, nyengo ngati ino. Kangarooyo ndiye adamulera. Kamwana kotere kalibe mafuta m'thupi, kamazizira msanga kuposa mmene mungaganizire, ndipo kakazizira kamasiya kuyamwa. Mabulangete atatu safanana ndi chifuwa cha munthu, chifukwa bulangete limangosunga kutentha komwe kulipo, pomwe chifuwa chimapereka. Ine ndinkagona chokhala, nditatsamira pilo, milungu inayi. Bambo ake ankalandira ndikamakasamba, amanyazi poyamba, kenaka ankachita kukanirira. Pano mtsikanayo ali Fomu 2, ndi wamtali kuposa ine.

Gogo Naphiri
Ana inu, ndilankhuleko ine wachikulire, foni ndi ya mdzukulu wanga. Mwambo wa chikuta sudali wopusa. Unkateteza kuti khanda lisagwidwegwidwe ndi aliyense wochokera uko ndi uko, ndi chifuwa chake ndi manja ake akuda. Zoti otentha ndi ozizira zidali njira yonenera. Tsono bambo wake wa mwana, amene wakhala pa chipatala pompo masiku onsewa, asambe m'manja amufungatire mwana wake. Mukawauze anzangawo kuti Naphiri wanena. Akapitiriza kukana, auzeni amange iwowo pa chifuwa pawo, muone ngati sakondwa.

Bambo a Mphatso
Agogo mwaitha nkhani.

Nambewe
Agogo Naphiri bwerani mudzatithandize ku sikelo kkkk. Za kusamba: ngakhale mwana wokhwima timati padutse maola 24 asanasambe, wochepa chonchi timangomupukuta ndi kansalu kofunda, mbali imodzi imodzi, kwinako atafundidwa. Pa mchombo pasapite phulusa, mwaye, ndowe, mafuta ophikira, madzi a masamba, chilichonse. Ngati akupatsani mankhwala a chlorhexidine pakani amenewo okha, ndipo asayandikire m'maso. Mchombo ndi khomo lolowera m'magazi a mwana. Kafumbata amalowera pomwepo.

Ngati sakutha kukoka bere, mayi afinyire mkaka m'kakapu azimumwetsa pa maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, ngakhale akugona mumudzutse. Madzi ayi, phala ayi, mpaka miyezi 6.

Mayi a Dalitso
Ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira Lachiwiri. Ndinene zanga mwina zithandiza wina. Mwana wanga wachitatu adabadwa bwino, wonenepa, tidatuluka tsiku lotsatira. Tsiku lachisanu adayamba kuyamwa mwaulesi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi adasiyiratu, thupi silidatenthe, lidachita kuzizira, ndiye ndidati si malungo. Pa mchombo padafiira ndi kafungo. Akuluakulu adati ndi tsempho, bambo ake adayenda panja, tidataya tsiku lonse pa bwalo la m'nyumba kufunsana, bambo ake akulumbira, ine ndikulira. Pofika ku chipatala usiku adati matenda alowa m'magazi. Adamwalira m'bandakucha. Ukwati udatha chaka chomwecho chifukwa cha mawu omwe tidanenana tsiku lija. Lero ndikadzamva kuti khanda lasiya kuyamwa, ndimanyamula ndekha ngakhale si langa. Milandu ya tsempho muzikamba mwana ali kale pa bedi la chipatala.

Nangozo wa ku Tsangano
Pepani mayi. Ndasowa chonena.

Mphunzitsi Kaphale
Pepani kwambiri Mayi a Dalitso.

Nambewe
Pepani amayi, ndipo zikomo polimba mtima. Mwanena chinthu chomwe ambiri sadziwa: khanda likadwala kwambiri nthawi zina silitentha, limazizira. Kusiya kuyamwa kokhako n'kokwanira kuthamangira ku chipatala. Chimodzimodzi kupuma mothamanga, kufika ka 60 pa mphindi imodzi, nthiti kulowa m'kati, kubuula, kuphupha, kulefuka osatakataka, mafinya pa mchombo kapena m'maso. Chikasu nacho, chikaoneka tsiku loyamba kapena chikafika m'manja ndi ku mapazi, musati timuotheretsa dzuwa, ku chipatala kuli nyale yake. Ana obadwa masiku asanakwane chimawakonda, a Yamikani muzimuyang'ana pa kuwala kwa masana.

Chisale wa ku Bembeke
Poti anesi muli pompano. Wanga wa chaka ndi miyezi iwiri akutsegula m'mimba kuyambira dzulo, liwombo lalowa. Mayi ake akufuna akamatitse mankhwala pamutu.

Nambewe
Liwombo lalowa chifukwa madzi atha m'thupi, a Chisale, vuto silili pamutu. Sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono, bere asasiye, ndipo lero lomwe apite kwa alangizi a zaumoyo kapena ku chipatala akalandirenso zinc. Akamakana kumwa, akamasanza chilichonse, kapena mukaona magazi m'chimbudzi, musadutsirenso kwa alangizi. Liwombo lidzadzuka lokha madzi akabwerera.

Chisale wa ku Bembeke
Chabwino, ulendo uno sinditsutsa.

Yamikani · Lachiwiri, 18:05
Abale ndabwera ndi lipoti. Papita milungu iwiri. Mwana adatsika kufika 1.75 masiku oyamba, mtima wanga udachoka, koma anesi adati ndi mmene zimakhalira. Chikasu chidabweradi, adagona pa nyale masiku awiri. Lero sikelo yati 1.95 ndipo akuyamwa yekha. Atitulutsa, akuti tizipitiriza kangaroo kunyumba ndi kubwera naye kudzakweza sikelo sabata iliyonse. BP ya mayi ake yatsika koma akumwabe mapiritsi.

Agogo aja ndidawawerengera uthenga wa a Naphiri. Adayamba akana, kenaka adati tabweretsani kuno. Pano vuto ndi lowalanda mwanayo, akuti chifuwa changa n'cha mafupa okhaokha. Akutinso iwo adadziwa kale kuti mimbayi ili ndi kanthu, n'chifukwa chake ankanena za mapasa.

Chomwe chikundisowa ndi zipewa. Zonse za pa msika wa Dedza zikumukulira, zikumutsika mpaka pamphuno. Alipo akudziwa woluka tating'ono?

Mayi a Pemphero
Kkkk agogo sagonja. Zipewa musagule, ndili ndi ulusi wotsala, ndiluka tiwiri ndi timasokosi. Muyeze mutu wake ndi kachingwe munditumizire kutalika kwake. Loweruka ndikhala pa msika mbali ya tomato, mudzandipeza kapena mutume mnzanu wa kabaza.

Gogo Naphiri
Dzina mwamutcha?

Yamikani
Ayi agogo, mchombo udagwa kale koma tikudikira tifike kumudzi. Limenelo lokha ndawasiyira amalume.